Foni Inati Mlatho Uli Bwino

Mwana wanga anafika miyezi iwiri alibe dzina. Kusikelo ankangomuitana kuti mwana wa Enelesi, ndipo anzanga akandifunsa kuti tsopano tizikutchulani amake ndani, ine ndinkangoyang'ana pansi. Sikuti mayina anatisowa. Makolo a amuna anga anamwalira kalekale, ndiye akwawo anagwirizana kuti mwana woyambayu akamutche ndi bambo anga ku Nkhotakota. Bambo anavomera mokondwa, koma anakanitsitsa kunena dzinalo pa foni. Anati dzina umalinena utamunyamula mwanayo n'kumuona nkhope, osati kulikuwa m'kachitsulo ngati ukuitanitsa feteleza.

Ndalemba za ulendo umenewu chifukwa pakamwa sinditha kuufotokoza. Ndine munthu wamanyazi, ndipo ndikakwiya mawu amanditsekera pakhosi. Papepala pokha ndi pamene amatuluka.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10, kwa mayi wina amene tonse timangowatcha Madamu. Ine, amuna anga ndi mwana timakhala m'kanyumba ka kuseri. Madamu ndi injiniya wa milatho. Ofesi yawo ili ku City Centre, koma ntchito imawalondola mpaka patebulo lodyera. Tsiku lina ndikupukuta tebulolo, ndidakali ndi pakati, anandionetsa mapu pa foni yawo, okhala ndi timadontho m'mbali mwa misewu. Anati kadontho kalikonse ndi mlatho. Pansi pa mlathowo anamangirirapo timabokosi timene timamva mlatho ukayamba kupendekeka, mng'alu ukamakula, kapena madzi akakwera, ndipo timatumiza uthenga ku Lilongwe monga imachitira foni. Anati zili ngati kachipangizo kamene anesi amaika pamimba kuti amve mtima wa mwana. Kadontho kakakhala kobiriwira, mlatho uli bwino. Kakafiira, anthu athamangireko. Ine ndinagoma nazo. Madzulo ake ndinafotokozera amuna anga ngati kuti makinawo ndinapanga ndine.

M'kati mwa dzinja, Lachiwiri lina, achimwene anga a Yohane anaimba foni. Anati bambo afooka kwambiri, phala lenilenilo likuwakanika, koma akungofunsa za mwana. Anati ndisachedwe. Anawonjezeranso kuti ndidzere ku Kasungu, chifukwa oyendetsa magalimoto akudandaula za mlatho wina wa pa msewu wa Salima, kupitirira Khombedza, kuti ukumagwedezeka lole ikamadutsa.

Ndinatha tsiku lonse ndikuzungulira m'khitchini, kusowa poyambira. Lachitatu ndinalimba mtima n'kupempha. Madamu sanakane, koma anali ndi alendo mpaka Lachisanu, ndiye anati ndipite Loweruka. Nditatchula za Kasungu anaseka pang'ono. Anati njira imeneyo ndi yozungulira, ndi yodula, ndipo magalimoto odutsa m'nkhalango ya nyama ndi osowa, moti ndi khanda ndikavutika. Kenako anatenga foni, anakulitsa mapu ndi zala ziwiri, n'kundiyandikizira kumaso.

"Ona wekha, Enelesi. Kobiriwira. Mlatho umenewu ukanakhala ndi vuto, foni iyi ikanandiuza ine achimwene ako asanamve. Madalaivala amangokonda kuopseza anthu."

Ndinati zikomo Madamu. Ndikanatinso chiyani? Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5.

Alendowo anali anthu akunja amene anathandiza kugula makina omwewo. Lachisanu anadya kwathu. Atatha kudya, Madamu anaika mapu aja pa wailesi ya kanema ya pabalaza, timadontho tonse tili biriwiri ngati dimba la mpiru, ndipo alendo anaomba m'manja. Ine ndinali ndikuchotsa mbale, mwana ali kumbuyo, foni yanga ili m'thumba la epuloni. Ikangogwedezeka, mtima unkadumpha kuti mwina ndi a Yohane.

Loweruka m'mamawa amuna anga, amene ndi mlonda ku City Centre, anaweruka n'kundiperekeza mpaka kudepoti ku Old Town. Iwo tchuthi anawakaniza. Mvula inali itagwa kwambiri ndipo depoti yonse inali phala la matope. Tisanatsike bwinobwino, oitanira anali atagwira kale chikwama changa, wina akukokera uku wina uko, mwana akulira. Amene anapambana anandilowetsa mu minibasi imene anati ikupita ku Nkhotakota osatsitsa panjira, ndipo yangotsala anthu awiri. Inaonekadi yodzaza. Amuna anga atangochoka, anthu a m'mipando anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali anzawo a oitanira, ongokhalamo kuti galimoto ioneke ngati ikunyamuka. Ndalama yanga anali atalandira kale. Tinatsala anthu owerengeka, injini ikungolira bodza, dalaivala akusuntha pang'ono kutsogolo n'kubwereranso pomwe paja.

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linakwera. Anadutsa ogulitsa mazira, ogulitsa mankhwala a makoswe, ndi mlaliki wina amene anatipempherera kuti tisafe panjira kenako n'kuyendetsa chipewa. Pambali panga panadzakhala mayi wina wathupi, wovala mpango kuchokera kumutu mpaka m'mapewa. Anati ndi mayi Asiyatu, amakhala pafupi ndi mzikiti ku Old Town, amagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka, ndipo akupita ku Nkhotakota kukapikula mpunga. Anasuzumira mwana n'kundifunsa kuti ndine amake ndani. Nditafotokoza anagwira pakamwa. Anati kwawo sabata silitha mwana alibe dzina, ndiye uyu tikapitiriza chonchi adzayamba sukulu akuitanidwa kuti iwe. Ndinaseka, ngakhale mtima unali kwa bambo. Kuyambira pamenepo anayamba kunditcha amake Uje.

Tinanyamuka dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Ku Kanengo tinakhota kulowa msewu wa Salima. Pa Chezi dalaivala anaima kuti agule tomato ndi mbatata za kunyumba kwake, ndipo anakambirana mtengo mosafulumira ngati ali yekha. Dengu la tomatolo anadzaliika pamapazi panga osandipempha. Potsetsereka kupitirira Mvera, tayala lakumbuyo linaphulika. La sipeya linalibe mpweya. Kondakitala analikweza pa kabaza n'kupita nalo kosadziwika, ife n'kukhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Ndinasintha mwana thewera pa chitenje cha mayi Asiyatu, nyerere zikutikwera m'miyendo. Abambo ena ankamunena dalaivala, iye akungotokosa m'mano n'kumati amene akufulumira agule galimoto yake. Mayi Asiyatu anamuyankha kuti akagula yawo adzamulemba iyeyo ntchito yoitsuka, poti yoyendetsa yamukanika. Anthu anaseka. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa.

Titatsala pang'ono kufika pa Salima, kondakitala analandira foni, anayang'anizana ndi dalaivala, ndipo titangoima anatiuza kuti galimoto yathera pano. Anatigulitsa kwa minibasi ina, monga amachitira: amapatsana ndalama okhaokha, inu mumangouzidwa kuti nyamulani katundu. Chifukwa chake sanatiuze. Mayi Asiyatu anakayikira kuti pali kanthu. Anamugwira malaya kondakitala watsopanoyo n'kumufunsa ngati mlatho ukudutsika. Iye analumbira pa amayi ake kuti wadutsapo m'mawa womwewo. Anthu ena sanakhulupirire. Bambo wina amene ananyamula makatoni a anapiye anati bola abwerere ku Lilongwe kudakali kowala.

Apa ndi pamene ine, munthu amene sindiyankhula pagulu, ndinatsegula pakamwa. Ndinauza mayi Asiyatu motsitsa kuti abwana anga ndi amene amayang'anira milatho imeneyi, ali ndi makina omvera, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti kadontho ka mlathowo ndi kobiriwira. Koma mayi Asiyatu sadziwa kunong'ona. Anaulengeza uthengawo kwa onse, ndipo anthu anakwera, ndi bambo wa anapiye yemwe. Kondakitala anandipatsa mpando wakutsogolo, n'kumanditcha abwana.

Titadutsa Khombedza ndinaona kuti palibe galimoto imene tikukumana nayo. Zinali njinga zokhazokha, zina zitanyamula anthu onyowa mpaka m'chifuwa. Dalaivala anakweza nyimbo. Kenako tinayamba kuona malole ataima mondondozana m'mbali mwa msewu, madalaivala atayala mphasa kunsi kwake, ena akuphika. Ndinadziwa kuti anthu amenewa sanafike posachedwa. Patsogolo panali nthambi za mitengo zopingasa pamsewu. Kondakitala anatsitsa katundu wathu mwachangu, ndipo pamene anthu amati amufunse za amayi ake aja, minibasi inali itatembenuka kale ndi anthu ena obwerera ku Salima.

Mlathowo unali usanagwe, koma unali utagwada. Chipilala chapakati chinali chitatitimira mbali imodzi, ndipo msewu pamwamba pake unawerama. Pamene phula limakumana ndi mlatho panali mpata woti mbuzi ikhoza kugweramo. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zitsa ndi nthochi zozuka. Wapolisi mmodzi anaima pamenepo akukaniza ngakhale oyenda pansi, chifukwa timiyala tinkagwabe mu mng'alumo. M'mawa anyamata ankaolotsa anthu m'madzi, koma mvula inagwanso kumapiri ndipo mtsinje unakwera. Anthu a pamenepo anatiuza kuti chipilalacho chinayamba kutitimira masabata apitawo, aliyense ankaona, lero changomaliza. Ndiye kuti Lachitatu lija, pamene Madamu amandiyandikizira foni kumaso, mlathowo unali ukugwada kale.

"Amake Uje," anatero bambo wa anapiye, "kobiriwira kaja ndi kameneka?"

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Anapiye ake anali atayamba kufa ndi kutentha, ndipo ankawatulutsa mmodzimmodzi n'kuwaika pa udzu. Mayi wina anati abwana a m'tauni amaona milatho pa foni ngati mpira. Ine ndinasowa poyang'ana.

Mayi Asiyatu anandigwira dzanja kuti tikawaone makinawo. Titafunsa, anatilozera bambo wina wachikulire wovala jekete ndi jombo, a Chimbalanga, amene komiti ya m'mudzi inawasankha kuti aziyang'anira zipangizozo. Anatilandira mwaulemu n'kutitsogolera ku mzati wachitsulo umene unali m'mbali mwa mlatho. Kuchokera pa mzatiwo mawaya ankalowa kunsi kwa mlatho, kumene kunali timabokosi. Pamwamba pa mzatiwo panali chinthu chokulungidwa bwinobwino ndi pepala lakuda lofolerera nyumba, chomangidwa ndi linya mbali zonse. Mfundo zake zinkaonekeratu kuti anamanga ndi munthu wosamala.

A Chimbalanga anafotokoza monyadira. Anati anthu a ku Lilongwe anabwera m'chilimwe, anamangirira zinthu zawo, n'kuwauza kuti ndi zodula kwambiri, azisamale ngati mwana. Mvula yoyamba itagwa, iwo mtima sunakhazikike poganiza kuti galasi la pamwamba pa mzatiwo likunyowa. Anagula pepala ndi ndalama zawo, anabwereka makwerero, n'kulifunditsa monga amafunditsira nkhokwe. Anati zimenezi zinathandizanso kuti akuba asalione likunyezimira.

"Chiyambire dzinja, silinalowe ngakhale dontho," anatero.

Dalaivala wina wa lole amene anatitsatira anakhala pansi chifukwa cha kuseka. "Madala, mwafunditsa sola?" Anawafotokozera kuti galasilo limadya dzuwa, ndipo popanda dzuwa batire imatha, timabokosi tija n'kufa ngati foni yosatchaja. A Chimbalanga nkhope inagwa. Anati palibe amene anawauza zimenezo. Tsiku la msonkhano alendowo anayankhula kwambiri Chingerezi, anagawa zakumwa, anajambulitsa, n'kukwera galimoto. Chipilala chitayamba kutitimira, iwo anafulasha nambala imene anawasiyira, poti analibe mayunitsi, n'kumadikira kuti a ku Lilongwe aimbe, monga amachitira munthu wopeza bwino akafulashidwa ndi wakumudzi. Anafulasha m'mawa, anafulashanso tsiku lotsatira. Palibe anaimba.

Ndinafuna kuwakalipira a Chimbalanga, koma ndinaona atayamba kale kumasula linya lija. Mkwiyo wanga unasowa pofikira, ndiye unangokula.

Tinabwerera pamsewu kukadikira madzi. Malo amenewo anali atasanduka msika. Ena ankagulitsa chimanga chootcha, ena mandasi a dzulo, ndipo madzi akumwa anakwera mtengo ngati mafuta. Pobisala panalibe, amayi tinkatchingirana ndi zitenje kuseri kwa lole. Anthu anazika kamtengo m'mphepete mwa mtsinje kuti aziona ngati madzi akutsika, ndipo aliyense ankapita kukakayang'ana n'kubwera ndi yankho lake. Mwana anatentha ndi dzuwa, anayamwa, anabwezera, n'kuyambanso kulira.

Kenako foni yanga inalira. Anali a Yohane. Anati bambo akufunsa ngati ndadutsa pa Benga, ndipo mawu awo ayamba kuchepa. Ndinafotokoza pamene ndinali. Kudzera ku Kasungu tsopano kunali kubwerera ku Salima, kubwerera ku Lilongwe, n'kuyambiranso ulendo wina wathunthu mawa. Ndinapempha achimwene kuti aike foni pakhutu pa bambo. Ndinamva kupuma kolemera. Ndinati bambo, ndine Enelesi, mwana ndili naye pano, mtsinje watitsekereza, nenani dzinalo ine ndimunong'oneza. Mwana anali atangogona, koma ndinamutsina pang'ono pantchafu kuti alire, agogo ake amve kuti alipodi.

"Abwere naye," anatero bambo. Sankauza ine, ankauza a Yohane. "Ndinena m'khutu mwake."

Ndinawakwiyira bambo anganso, Mulungu andikhululukire. Munthu akudwala chotero, koma kuuma mutu kuli pomwepo.

Mayi Asiyatu anati ndiwaimbire abwana angawo. Ndinati sindingathe. Chiyambire ntchito ndinali ndisanawaimbirepo Madamu pa nkhani ina kupatula kufunsa zophika. Iwo analanda foni, anapeza pamene ndinalemba kuti Madamu, anadina, anandiika pakhutu, n'kunditengera mwana.

Madamu anayankha kuli nyimbo ndi nthungululu, poti anali ku phwando lolangiza mkwatibwi. Anafunsa ngati ndafika bwino. Ndinati mlatho wathyoka. Anafunsa kuti uti, ndinati womwe uja. Anati ndidikire. Ndinamva akutuluka panja, phokoso likuchepa.

"Enelesi, ukunena mlatho wina. Kuno kakadali kobiriwira."

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Sindinakuwe, koma anthu amene anali pafupi anamva zonse.

"Madamu, ine ndaima pamlatho, inu mwaima pa foni. Sola yanu anaifunditsa pepala chiyambire mvula. Makina anu anafa kalekale ndipo inu simunadziwe. Ine ndili kuchipatala, anesi akaika kachipangizo kaja pamimba n'kusamva kanthu, sankati mwana ali bwino. Ankathamanga."

Kenako Madamu ananena motsitsa, ngati akudziyankhulira, kuti pansi pa kadontho pali timalemba tating'ono tosonyeza tsiku limene uthenga womaliza unabwera, ndipo tsikulo ndi la kumayambiriro kwa mvula. Makina akasiya kuyankhula, kadontho kamangokhala ndi mtundu umene kanali nawo. Anati mayo ine. Anati aimbira anthu tsopano lino. Kenako anandipempha kuti ndipeze munthu wa foni yojambula, atumize zithunzi za chipilalacho mbali zonse.

"Ine sindinabwere kudzajambula mlatho. Ndabwera ndi mwana kwa bambo anga."

Ndinadula foni. Ndinkadziwa kuti mwina ntchito yathera pomwepo, ndi kanyumba ka kuseri komwe. Mayi Asiyatu anangondibwezera mwana n'kunena kuti ayamwe uyu. Dalaivala wa lole uja ndi amene anatenga nambala n'kutumiza zithunzizo.

Madzi sanatsike tsiku limenelo. Amayi tinakagona m'kalasi pa sukulu ina yapafupi, pansi pa simenti. M'mawa kamtengo kaja kanaonekera konse, ndipo anyamata oolotsa anati pakati pa mtsinje madzi akulekeza m'chifuwa mwa mwamuna wamtali. Atangoona kuti ndife a m'tauni anakweza mtengo, koma mayi Asiyatu anawafunsa ngati akutiolotsa kapena akutigulitsa mtsinjewo, mpaka anatsitsa. Vuto linali mwana. Ine ndine wamfupi. Kumbuyo kwanga madzi akanamumiza. Anati aikidwe m'beseni, wina asenze pamutu. Ndinakana. Ndinayang'ana mtsinje, ndinakananso. Kenako ndinakumbukira kupuma kuja kwa pa foni. Ndinayala chitenje m'beseni lochapira, ndinamugoneka, n'kumupereka kwa munthu wamtali amene sindinamuonepo chibadwire.

Madzi anali ozizira, mchenga ukuthawa kumapazi. Ndinagwira lamba wa woolotsa wina, mayi Asiyatu akupemphera kumbuyo kwanga, ndipo maso anga sanachoke pa beseni. Pakati pa mtsinje wosenza uja anaterereka pang'ono, beseni linapendekeka, iye analigwira ndi manja onse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma ndinalibe choitana. Mwana wanga akanagwera m'madzi amenewo, ndikanamuitana kuti ndani?

Titafika tsidya linalo anali akungoyamwa chala. Ndinacheuka. Mlatho unali chiweramire, ndipo pa mzati paja sola inali itavundukulidwa, ikunyezimira padzuwa, a Chimbalanga ataima pansi pake ndi pepala lawo lopindidwa kukhwapa. Ndinaganiza kuti mwina tsopano kadontho kafiira, poti aliyense wadziwa kale.

Tinakwera matola, tinadutsa Benga zovala zikuumira pathupi. Mayi Asiyatu anatsika pa boma la Nkhotakota. Anatulutsa kadiresi m'chikwama n'kumuika mwana pamimba, anati ndikawapeze ku Tsoka ndikawauze dzina. Ine ndinatenga njinga yamoto mpaka kwathu.

Pakhomo panali anthu koma panalibe kulira, ndiye ndinathamanga. Bambo anali pamphasa, maso ali otsegula. Amayi anandigwira pamkono ndisanagwade, n'kundiuza kuti mawu anatha dzulo, dzuwa litangolowa. Ndinamumasula mwana n'kumugoneka pachifuwa pawo. Dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono mpaka pamutu pake. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Milomo inayenda. Ndinasendeza khutu la mwana pakamwa pawo monga anafunira, kenako ndinaikapo langa. Munkangotuluka mpweya.

Ndinafunsa amayi, ndinafunsa a Yohane, ndinafunsa abusa amene ankabwera kudzawapempherera. Bambo sanauze munthu. Anamwalira Lachiwiri. Pamaliro anthu ankanditonthoza kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ine n'kumangogwedeza mutu. Koma si Mulungu amene anandionetsa foni.

Pobwerera ndinadzera ku Kasungu. Njirayo ndi yozunguliradi, ndi yodula, monga ananenera Madamu. Ndinafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Ntchito sinathe. Madamu anandichingamira okha pageti n'kupepesa maliro. Chipepeso anali atatumiza kale kumudzi. Maso awo anali otopa. Anandiuza kuti anapita okha kumlathoko, anakhala pansi ndi a Chimbalanga ndi alonda a milatho ina, n'kuwafotokozera zonse m'Chichewa. Anapezanso kwina kumene anthu anafunditsa sola chimodzimodzi. Anati tsopano akonza: kabokosi kakasiya kuyankhula, kadontho kazisanduka kotuwa ndipo foni izilira. Anatulutsa foniyo kuti andionetse. Sindinayang'ane. Anaibweza m'thumba, anasuzumira mwana kumbuyo kwanga, n'kufunsa kuti agogo ake anamutcha ndani.

Ndinati afunse foni yawo.

Ndinanena motsitsa, ndikuyang'ana pansi monga mwa masiku onse, n'kulowa m'khitchini mmene mbale zinali zitaunjikana. Sanandiitane.

Mwana anamutcha ndi amalume, maliro atatha. Anati akhale Tiyamike. Kusikelo anasiya kumuitana mwana wa Enelesi, mayi Asiyatu ku Tsoka anasiya zija za amake Uje, ndipo anthu akaitana kuti amake Tiyamike ndimayankha. Dzinalo ndi labwino, koma si limenelo. Nthawi zina ndikamamusambitsa ndimamugwira khutu lija, lakumanzere, n'kumaganiza kuti mwina iye anamva.